Chikwama cha a Chitseko

Gulu: Za chikwama

LOLEMBA

Tcheya, 09:14
Apolisi andipatsa chikwama cha malemu a Chitseko m'mawa uno. Chili kuno ku sitolo, m'chipinda cha kumbuyo, pansi pa tebulo la makina a fotokope. Pagulu lalikulu la okwera mapiri sindinauzepo munthu. Ndayamba ndi inu, a Nesi, popeza munalipo pamene tinkawapeza.

Nesi, 09:29
a Tcheya mpaka kutsegula gulu la anthu awiri? simukanangondilembera

Tcheya, 09:30
Nthawi ikakwana tidzalowetsamo mlamu wathu, mkazi wa malemu. Zimene talemba kale sadzaziona.

Nesi, 09:31
ok. ndili pa ward ndikuyankha mobisa. mwatsegula?

Tcheya, 09:33
Ndatsegula. Ndikanadziwa sindikanatero.

Tcheya, 09:37
Anangolongedzamo zonse monga tinazipezera ku chigwembe kuja. Chofunda chonyezimira cha pangozi chija chili chotambasula, matope ndi magazi okhaokha. Tochi inatha mabatire. M'botolo la madzi mulibe ngakhale dontho. Pa wezulo pakuoneka pamene panaluma mano.

Nesi, 09:41
mmm

Nesi, 09:42
nde mlamu mukawapatsa liti? dzulo anandifunsa za chikwamachi

Tcheya, 09:50
Nkhani yagona pamenepo. Mlamu anauzidwa kuti amuna awo atagwa anatsirizika pomwepo. Achimwene a malemu ndiwo anatipempha kuti tinene choncho, ndipo ine ndinanenadi pamaliro, anthu onse akumva. Chikwamachi chikunena zina. Munthu wotsirizika pomwepo safunda, sayatsa tochi, saliza wezulo.

Nesi, 09:52
anakhala moyo nthawi yaitali ndithu. ndinakuuzani tsiku lomwelo nditawagwira

Tcheya, 09:55
Munandiuza. Maganizo anga ndi oti ndigule chofunda china ndi mabatire ena, chikwamacho ndichape. Chikafike m'manja mwawo ngati cha munthu amene sanavutike.

Nesi, 09:55
a Tcheya ayi

Nesi, 10:20
🎤 uthenga wa mawu, 1:12
Ndatuluka panja kuti ndilankhule bwino. Tiyeni tinene mmene zinalili, a Tcheya, tili awiri. A Chitseko amayenda kumapeto kwa mzere Loweruka lililonse, kutseka gulu, n'chifukwa chake tinawapatsa dzinalo. Anaima pa mwala uja pamene pamagwira netiweki, anationa tonse tafika pa magalimoto kumunsi, n'kulemba pagulu kuti onse atsika. Monga mwa masiku onse. Ife kuwerenga uthengawo basi, kuliza magalimoto. Njinga yawo yamoto inali pageti pomwepo, ine ndinatsamirapo pomasula nsapato. Palibe anati tiyeni tiwadikire, mvula ikubwerayi. Timawerenga anthu amene ali kutsogolo kwawo, iwowo sitinawawerengepo chiyambire. Zimenezozo sizichoka ndi sopo.

Tcheya, 10:34
Sindikukana chilichonse mwa zimenezi. Koma pali china. Madzulo a tsikulo mlamu anandiimbira kufunsa amuna awo. Ndinawayankha kuti anatsika kalekale, mwina apatukira koonera mpira. Anakwiya, anazimitsa foni, anakagona. Anandiuza okha ku maliro, akulira. Kodi mukufuna adziwe kuti pamene iwo ankazimitsa foni, amuna awo anali kuliza wezulo pansi pa mvula?

Nesi, 10:36
nde mukuteteza mlamu kapena mukuteteza ife?

Nesi, 11:05
a Tcheya?

Tcheya, 15:48
Onse.

LACHIWIRI

Nesi, 07:52
mwaona pagulu lalikulu? ena atatu atuluka

Tcheya, 08:03
Ndaona. Sindiwaimba mlandu. Akazi anga nawo abisa nsapato zanga zokwerera, akuti ndikazifuna ndikafunse kwa ana.

Nesi, 08:04
kkkk mayi achita bwino

Nesi, 08:06
koma ma comment a anthu pa chithunzi cha a Chitseko chija eish. wina akuti anthu osowa chochita, Mulungu anatipatsa pansi pathyathyathya inu mukukafuna chani kumwamba

Tcheya, 08:11
Musawerenge zimenezo. Munthu amene sanaonepo mitambo ili kunsi kwa mapazi ake sangamvetse.

Nesi, 08:12
a Chitseko akanamuyankha kuti bwera Loweruka, nsapato ndikubwereka

Tcheya, 08:13
Ndipo akanamubwereketsadi, zazikulu ngati bwato zija.

Nesi, 13:40
komiti yatha bwnj? ine shift inandigwira

Tcheya, 14:02
Tagwirizana zinthu zingapo. Otseka mzere azikhala awiri. Uthenga woti onse atsika usamalembedwenso pa mwala paja, koma pageti. Galimoto isalizidwe mpaka wotseka mzere ataigwira ndi dzanja lake. Ndiponso pakamtsinje pamene anaterereka timangapo chingwe, ndi kachitsulo kolembapo mawu owakumbukira.

Nesi, 14:05
zabwino. zophweka chonchi zaka zonsezi

Tcheya, 14:06
Aliyense ananena mawu omwewo.

Nesi, 14:07
otseka mzere apezeka?

Tcheya, 14:09
Nditafunsa, aliyense anayamba kufufuza kanthu m'foni mwake. A Loya ndiye anatilangiza kuti pagulu tisalembe mawu oti pepani, akuti angadzatitembenukire.

Nesi, 14:10
a Loya omwe aja a Chitseko anawabereka kumsana atabinya bondo?

Tcheya, 14:10
Omwewo.

Nesi, 14:12
ndilembeni ine. ndizitseka

Tcheya, 14:15
Zikomo, a Nesi. Wachiwiri ndikhala ine, nsapato zikapezeka. Mawu a pakachitsulo ndalemba motere: Pano panagwera mnzathu wokondedwa, amene mwa kudzipereka kwake kosaneneka ankaonetsetsa kuti aliyense wa ife wafika kwawo mwamtendere.

Nesi, 14:17
a Tcheya kachitsuloko ndi kotalika mamita angati

Nesi, 14:17
mumalemba ngati mukuyankha mayeso

Tcheya, 14:19
Chichewa chabwino sichinaphepo munthu.

Nesi, 14:20
afunseni mlamu mawuwo. ndi amuna awo

Nesi, 14:21
and za chikwama plz musachite kanthu tisanakumane

LACHITATU

Tcheya, 12:26
Ndachita.

Tcheya, 12:31
Ndachichapa dzulo madzulo pa sinki ya kuno, chauma pa zenera. Chofunda chatsopano ndagula, mabatire ndaika, madzi ndathira. Wezulo ndaikamo yanga, ndi zofanana. M'kathumba ka m'mbali munali kabotolo ka galasi kopanda kanthu, kotsala mchere pansi ndi makoko a mtedza. Ndagula mtedza wokazinga pa golosale ya pafupiyi n'kudzazamo.

Tcheya, 12:33
Zovala ndapinda bwinobwino, zolemera pansi, zopepuka pamwamba, monga timaphunzitsira atsopano. Chikuoneka ngati cha munthu amene akunyamuka mawa.

Nesi, 14:58
ndinakupemphani

Tcheya, 15:04
Munandipempha. Koma ndinayesa kuganiza mayi uja akutambasula chofunda chimene chija pa tebulo lodyera, ana ali pomwepo. Zinandikanika.

Nesi, 15:06
ine ndilibemo

Nesi, 15:06
sindikayambitsa nkhaniyi. koma akandifunsa sindinama

Tcheya, 15:08
Sakufunsani. Munthu wolira safufuza m'matumba.

Nesi, 15:09
mwakhala pabanja zaka zingati kodi inu

LACHINAYI

Tcheya walowetsa Mlamu m'gulu

Tcheya, 08:40
Mwadzuka bwanji, alamu? Pepani kukuvutitsani. Muno tilimo atatu, inu, ine ndi a Nesi. Chikwama cha malemu chili ndi ine. Kodi ndingabweretse nthawi yanji?

Mlamu, 09:22
ndadzuka alamu kaya inu. a Nesi mwadzuka bwanji

Nesi, 09:23
ndadzuka mlamu. ana ali bwnj

Mlamu, 09:25
ali bwino apita ku sukulu. wamkuluyu ndi amene sakudya kwenikweni

Mlamu, 09:26
bwerani masana alamu, apongozi akhala atapita ku chipatala. akachiona iwo ayambiranso

Tcheya, 09:27
Ndifika masana.

Mlamu, 14:47
chafika a Nesi. zikomo nonse. alamu anakana ngakhale tiyi, anangoima pakhomo ngati wobweretsa bilu ya madzi

Tcheya, 14:55
Pepani alamu, ku sitolo ndinasiya kopanda munthu.

Mlamu, 14:58
ndachikoleka pa msomali wake kuseri kwa kabati. sindinatsegule. mwina mawa

Nesi, 15:01
musadzikakamize mlamu

Tcheya, 15:10
Pali nkhani inanso. Gulu likufuna kuika kachitsulo kowakumbukira kuphiri kuja. Tikupempha kuti mawu ake musankhe ndinu.

Mlamu, 15:32
ndiganize kaye

LACHISANU

Mlamu, 09:05
ndatsegula

Mlamu, 09:06
mwachapa alamu? chikununkhira sopo

Tcheya, 09:09
Chinali ndi matope. Ndinaona kuti si bwino kuchibweretsa chotero.

Mlamu, 09:10
zikomo

Mlamu, 09:18
walongedza ndani? bambo a kunowa sanapindepo chovala chibadwire. amangokankhira ndi chibakera

Tcheya, 09:20
Ndine. Pochapa ndinatulutsa zonse.

Mlamu, 09:21
oh ok

Mlamu, 09:40
chofundachi si chawo

Mlamu, 09:41
chawo chinang'ambika pakona chaka chatha, ndinamata ndekha ndi selotepi. ichi chili m'pepala lake losatsegula

Tcheya, 09:49
Chakalecho chinanyowa kwambiri, alamu.

Mlamu, 09:50
chinanyowa chili chopinda m'chikwama?

Mlamu, 10:14
🎤 uthenga wa mawu, 0:58
Alamu, ndalawa mtedzawu. Si wanga. Ine ndimathira mchere wambiri, iwo amadandaula nthawi zonse kuti ndikufuna kuwapha ndi BP. Lachisanu lililonse ndimakazinga, n'kuika m'kabotolo aka, n'kuwauza kuti uwu ndi wa pangozi, musadye panjira. Ndipo samadya. Amabwera nako kodzaza, n'kuika pa tebulo, n'kunena kuti mayi, ngozi yanu ija sinabwere, itanani ana. Zaka zonsezi sanatsegulepo kuphiri ngakhale kamodzi. Ndiye ngati mwathiramo wina, ndiye kuti munakapeza kopanda kanthu. Ndikunama?

Mlamu, 10:31
mwawerenga nonse ndikuona

Mlamu, 10:52
anadya liti mtedza wanga, munthu woti anatsirizika pomwepo?

Nesi, 10:58
a Tcheya muyankha ndinu kapena ine

Tcheya akulemba...

Tcheya akulemba...

Nesi, 11:16
mlamu muli ndi munthu pafupi?

Mlamu, 11:16
achemwali anga ali kukhitchini. nenani

Nesi, 11:24
🎤 uthenga wa mawu, 1:31
Mlamu, ndinena monga ndinaonera ndi maso anga. Sanatsirizike pomwepo. Anaterereka powoloka kamtsinje kotsiriza, anagwera m'chigwembe, anathyoka ntchafu, ndipo magazi ankatayikira m'kati. Kumeneko foni sigwira. Anavula lamba n'kumanga mwendo, ndipo anamanga bwino, monga tinaphunzitsirana. Anadzikoka mpaka pansi pa thanthwe kuthawa mvula. Anafunda chofunda chanu chija. Anamwa madzi onse. Anayatsa tochi n'kuiika pamwala, kuloza kumwamba kuti wobwera awaone. Kabotolo kanali pambali pawo, kotsekedwa bwinobwino, mulibe kanthu. Anachita zonse zimene munthu amayenera kuchita podikira anzake. Ife ndi amene sitinabwere. Tinafika kutacha.

Mlamu, 11:26
anakhala nthawi yaitali bwanji

Nesi, 11:28
sindingadziwe ndendende. maola angapo. mdima unawapeza ali moyo

Mlamu, 11:29
ankamva ululu?

Nesi, 11:31
poyamba eya, kwambiri. kenako munthu amazizidwa, amafooka, amayamba kusinza. kumapeto kumakhala ngati tulo. sindikunena zokutonthozani, ndi mmene zimakhalira

Mlamu, 11:33
ine nditazimitsa foni

Nesi, 11:35
foni yanu ikanakhala yoyaka sakanakupezanibe. inu munafunsa. munali munthu yekhayo amene anafunsa

Tcheya, 11:47
Ndipo amene anakuyankhani molakwa ndine. Ndinakhulupirira uthenga wa pafoni kuposa nkhawa yanu. Ndikanangotuma munthu kukaona ngati njinga yachoka pageti. Za chikwamazi a Nesi anandiletsa, sindinamve.

Tcheya, 11:48
Alamu, pepani.

Tcheya, 12:30
Alamu?

Nesi, 12:33
asiyeni kaye a Tcheya

Mlamu, 14:41
🎤 uthenga wa mawu, 1:44
Ndinali kuchipinda. Mukudziwa, chichitikireni maliro aliyense wobwera pano amandigwira dzanja n'kunena kuti thokozani, sanamve kanthu, anangozima ngati nyali. Ine ndimavomera kuti eya. Koma ndikakhala ndekha ndimati, ndiye kuti bambo amenewa sanapeze ngakhale kamphindi kotiganizira? M'mawa umene uja tinasiyana osalankhulana bwino, nkhani yake ya zii, ya mpope wa kubafa umene ankangoti ndikonza Loweruka likubwerali. Ndinawaponyera kabotolo m'chikwama osawayang'ana n'kumaso komwe. Ndimati anapita ndi nkhope yanga imene ija. Lero mukundiuza kuti anakhala pansi pa thanthwe, n'kutsegula. Ndikuwaona. Ndikudziwa ananena kuti mayi uyu ndi mchere wake. Zikuwawa kuposa poyamba, sindikubisirani. Mwina usiku uno ndikutukwanani nonse. Koma zimenezi zinali zanga, alamu. Simunayenera kundisankhira.

Tcheya, 14:50
Mwanena zoona.

Mlamu, 14:52
achimwene a malemu ndikudziwa alimo m'zimenezi. ndilankhula nawo ndekha, musawauze kuti ndadziwa

Nesi, 14:52
chabwino mlamu

Mlamu, 14:57
chofunda chakalecho mundibweretsere. musachape. ndi lamba, ndi mabatire akuthawo, chilichonse chimene anagwira

Nesi, 14:59
lamba anapita nawo ku chipatala, ndikafunsa mawa koma sindikulonjeza. munalinso wezulo

Mlamu, 15:00
iyi ili munoyi?

Nesi, 15:00
imeneyo ndi ya a Tcheya

Mlamu, 15:01
analiza?

Nesi, 15:02
analiza

Mlamu, 15:09
nayonso ndikuifuna

Mlamu, 15:24
alamu mwamva?

Tcheya, 15:38
Ndinaziika zonse m'thumba lakuda, n'kuponya mu bini ya kuseri kwa sitolo Lachitatu. Galimoto ya zinyalala imadutsa Lachinayi m'mawa.

Nesi, 15:39
a Tcheya

Nesi, 15:39
ngakhale wezulo?

Tcheya, 15:40
Ndikupita kotayira zinyalala pompano.

Tcheya, 16:44
Ndafika. Akuti za dzulo thirakitala yasalaza kale, koma andilozera mbali yake.

Tcheya, 17:12
Matumba akuda ndi ambiri. Chilichonse chonyezimira ndikumathamangira, n'kupeza ndi pepala la mabisiketi.

Tcheya, 17:46
akutseka geti. sindinapeze

LOWERUKA

Tcheya, 07:15
Ndabwereranso. Ndipitiriza mpaka masana.

Mlamu, 08:02
siyani alamu. mungadzicheke ndi mabotolo, tiyambenso zina

Mlamu, 08:05
chofunda chatsopanochi ndi wezulo yanu ndapatsa achemwali, azisiya ku sitolo kwanu. wina zidzamuthandiza. za kachitsulo musaike kaye

Mlamu, 08:09
a Nesi mukaweruka mubwere kuno. mudzandiuze zonse kuyambira pamene munawaona, mmene anagonera, kumene nkhope inaloza, nsapato ngati anavula. musadumphe kanthu

Nesi, 08:11
ndibwera mlamu. ndiweruka 2

Tcheya, 08:14
Kodi ine ndingabwere nawo? Ndikhoza kungokhala panja.

Tcheya, 09:30
Alamu?

Mlamu watuluka m'gulu